Bwinja la Tsidya la Katsekera

Tete, 4 Junyo 2018

Okondedwa amalume a Arcanjo,

Landirani moni, inu ndi onse a kwathu ku Kamphepo. Kodi amayi ali bwanji? Miyendo ija yaphwa? Ine ndili bwino, kungoti Tete akutentha ngakhale mwezi uno umene inu mukuwotha moto masana.

Ndalemba chifukwa cha maphunziro anga aja. Kuti ndimalize, aliyense akuyenera kulemba za mudzi wa kwawo: muli anthu angati, unayamba bwanji, uli pamalo otani, mitsinje yake ndi mapiri ake. Anzanga akungotenga m'mabuku. Ine ndafunafuna Kamphepo m'mabuku ndi pa mapa, palibe. Mukudziwa kuti ndinabadwira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo kumudzi ndinachokako ndili wamng'ono kupita ku sikola, ndiye zimene ndikudziwa n'zochepa. Inu ndinu sekeretaryo wa mudzi. Ndilembereni zonse, ngakhale zimene mukuona ngati zopanda pake. Ngati pali mapepala akale, mundilembere mawu ake monga alili.

Kalatayi ndapatsira a Silvano a kamyau, lole yawo ija ya kachewere, yankho mupatsirenso iwo omwewo. Ndaikamo mafuta oti amayi azipaka miyendo.

Ndine mwana wanu,
Ivone

*

Mudzi wa Kamphepo
Posito ya Domwe, Angónia
17 Junyo 2018

Kwa: Purofesora Ivone Vicente, Tete
Mutu: Kufotokoza mudzi wa Kamphepo

Mwana wa mlongo wanga,

Ndi ulemu waukulu ndikudziwitsa kuti kalata yako ya pa 4 Junyo yalandiridwa pamodzi ndi mafuta. Ife tili moyo. Amayi ako a Cacilda miyendo sinaphwe, ndipo tsopano akagona chagada mpweya umawathawa, motero amagona chotsamira khoma.

Kalata yako ndinaiwerenga katatu, kachitatuko nditavula chipewa. Chibadwire sindinaganizepo kuti Kamphepo angalowe m'buku. Ndasamba m'manja ndisanayambe kulemba izi.

Za anthu. Ndinayenda khomo ndi khomo masiku atatu. Nyumba zofuka utsi zilipo 41. Anthu alipo 187, kuwerengera ndi mdzukulu wa a Lúcia amene sanatuluke m'chikuta. Nkhondo isanafike tinali oposa mazana atatu. Tikuchepa chifukwa minda yachepa. Munda umene bambo ankalima yekha, lero agawana ana asanu, ndipo wachisanu ndi chimodzi amakwera shapa, ndiye minibasi, kupita ku Ulongwe kapena ku Tete osabweranso.

Za malo. Mudzi uli pamtunda pamene mphepo siipuma, ndiwo mutu wa dzina lake. Kukacha bwino phiri la Domwe limaoneka, nsonga yake ili m'mitambo. Malawi ali pafupi, ulendo wa maola atatu wapansi, ndipo tinauyeza tokha ndi katundu pamutu. Mwezi uno m'mawa udzu wa m'dambo umayera ndi chisanu, munthu wachilendo angati tayanika ufa. Timalima chimanga, nyemba ndi kachewere. Kumunsi kwa mudzi kuli mtsinje wa Katsekera, umene sunaphwepo chikhalire. Tsidya la Katsekera kuli bwinja, ndiwo mudzi wathu weniweni. Kuno tikukhala kuno tinangoima poyembekezera.

Za mbiri. Amene anayamba mudzi ndi a Sankhani, agogo a atate athu. Anabwera kuchokera kumwera ndi ng'ombe, pamodzi ndi Angoni anzawo. Atafika pa kasupe wotuluka pansi pa mwala waukulu tsidya lija, ng'ombe zinamwa n'kugona, zinakana kudzuka. Iwo anati ng'ombe zaweruza, namanga pomwepo, nakwatira mkazi wa Chichewa. Mapichesi oyamba anachokera kwa ansembe ku misau ya Fonte Boa, nthangala zisanu m'thumba la malaya a atate athu.

Mu 1986 tinathawa nkhondo. Mu 1993 tinabwerera. Tsiku lachiwiri chibwerere, ng'ombe ya a Limbani inatsogola kuwoloka Katsekera, poti inamva fungo la kwawo, ndipo inaponda mina, bomba lokwirira pansi. Ndicho chifukwa tinamanga tsidya lino.

Mu 2004 kunabwera anthu ovala magalasi ophimba nkhope yonse, olankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Anakhala tsidya lija masabata asanu ndi limodzi, ife n'kumangomva kuphulika. Pochoka anasiya miyala yopaka utoto woyera m'mbali mwa mtsinje, ndi pepala kwa sekeretaryo wa nthawiyo, malemu a Emílio. Iwo anali kale chigonere, anamwalira sabata lomwelo. Mala yawo, bokosi lachitsulo, inabwera kwa ine pamodzi ndi udindo, pepalalo lili m'katimo. Lili ndi karimbo, zidindo za boma, ziwiri. Ndimalisunga m'pulasitiki ndipo palibe dzanja lina limene lalikhudza. Mawu ake ndi awa, mzere ndi mzere monga makina anatayipira:

Declara-se que a área da antiga
povoação de Kamphepo está des-
minada.

Ine sikola ndinalekeza segunda, kalasi yachiwiri, koma liwu lakuti minada ndimalidziwa bwino lomwe. Ndinaitana anthu onse, ndinawawerengera, ndinawauza kuti akatswiri aja alephera ndipo boma latseka malowo. Kuyambira tsiku limenelo palibe munthu wa Kamphepo amene wawoloka Katsekera. Zaka khumi ndi zinayi, sitinataye ngakhale chala chimodzi. Chimenechi uchilembe m'bukumo. Mbuzi zokha ndizo zimawoloka n'kubwerera, poti ndi zopepuka.

Amayi ako akuti ali ndi mawu awo. Ndawalemba kuseri kwa pepalali monga anenera, osachotsa kanthu, ngakhale ena akundinena.

Ndatha ine malume ako,
Arcanjo Sankhani
Sekeretaryo wa mudzi

(Kuseri kwa pepala)

Ivone, ndine mayi ako. Akulemba ndi malume akowa, ndiye akasintha mawu udzadziwa, poti ine sindinena zoti ndi ulemu waukulu.

Mafuta ndalandira. Akununkhira bwino koma miyendo sikumva.

Ayenda mudzi wonse kuwerenga anthu ngati nkhuku, koma mmodzi amusiya. Iwe sindiwe woyamba wanga. Usanabadwe kunali Zita. Sindinakuuze poti ndikatchula dzina lake ndimalephera kudya. Anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri, m'mawa wa tsiku lomwe tinathawa. Mfuti zinali zitayamba kulira kumsewu, kumanda kunali kosapitika. Malemu bambo ako anakumba kuseri kwa nyumba, pansi pa mpichesi, ine ndinamukulunga m'nsalu yanga. Sitinaikepo ngakhale mwala. Ndinamuuza kuti tibwera mawa.

Papita zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndikakhala pakhonde, tsidya lija ndimaliona. Ndawapempha malume ako kuti andiperekeze mpaka pamtsinje, kwinako ndipita ndekha. Ine ndatha kale, mina ikandidya yadya chiyani? Akuti pepala likukana. Munthu amene ankalira ndikamamusambitsa, lero akundiwerengera pepala.

Iwe waphunzira. Uwauze a boma kuti kuli mayi wina akufuna kukapalira pamene pagona mwana wake. Sindikupempha china. Mvula ya chaka chino sindikudziwa ngati indipeza.

*

Mudzi wa Kamphepo
29 Julyo 2018

Kwa: Purofesora Ivone Vicente, Tete
Mutu: Kupempha kudziwa cholakwa changa

Mwana wa mlongo wanga,

Ndi ulemu waukulu ndikupatsa moni, ndipo ndikufunsa za moyo wako, poti kuno sitikumva kanthu.

Kumayambiriro kwa mwezi uno a Lúcia anakwera pachulu paja pamene foni imagwira, nabwera ndi uthenga wako wakuti: auzeni amalume asunge bwino pepala lija, asanene kanthu kwa munthu, kalata ikubwera. Lero ndi sabata lachinayi, kalata palibe. A Silvano sakuoneka. Ena akuti kamyau yawo inafera panjira.

Ndaganiza kwambiri, ndipo ndaona pamene ndinalakwa. Mawu a pepala la karimbo ndinawalemba pa pepala wamba, popanda chilolezo, n'kuwatumiza pa kamyau ya kachewere. Ngati aphunzitsi ako aona zimenezi ndipo pabuka mlandu, uwauze kuti mlanduwo ndi wanga ndekha, iwe unangofunsa. Jekete ndachapa, lili chikonzere. Akandiitana a boma ku posito ndipita ndekha, asavutike kutumiza munthu.

Za amayi ako. Tinawatengera ku chipatala pa ngolo, anawapatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi. Asinthako pang'ono, koma ine sakundilankhula. Akuti ndinabisa mawu awo, sindinawatumize, ndicho chifukwa iwe uli chete. Dzana ndinawapeza atafika okha kudambo ndi ndodo, aima akuyang'ana powolokera. Kuchoka pakhomo kufika pamenepo munthu wabwino amayenda kanthawi kochepa, iwo anayenda m'mawa wonse. Ndinawabweza. Panjira anandiuza kuti, "Arcanjo, tsiku londiika udzatenge pepala lako lija, udzaliwerenge pamanda, anthu adzalire bwino."

Ine ndine mlongo wawo, komanso ndine wosunga pepala. Sindingalole kuti ndikawatole zidutswazidutswa m'dengu.

Kalatayi ndapatsira mphunzitsi wina wopita ku Ulongwe, akuti aipezera njira. Chonde yankha.

Ndatha ine malume ako,
Arcanjo Sankhani
Sekeretaryo wa mudzi

*

(Yalandiridwa pa 24 Agosto. A.S.)

Tete, 16 Julyo 2018

Amalume,

Moni kwa inu ndi kwa amayi. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Musaope, palibe choipa. Nkhani ndi ya pepala lija. Tayang'anani kumapeto kwa mzere wachiwiri, pali malemba atatu, des, ndi kamzere kakang'ono. Malembawo si apadera. Ndi mutu wa liwu limene lili pansi pake, makina anangolidula chifukwa mzere unatha. Liwulo si minada, ndi desminada. Kusiyana kwake kuli ngati kutseka ndi kutsekula. Minada ndiye kuti muli mabomba. Desminada ndiye kuti mabomba achotsedwa. Pepala lanu likunena kuti bwinja lathu ndi lotsekula kuyambira 2004.

Sindinafune kunena zimenezi pa foni ndisanatsimikize, poti nkhani ya mina si yoyerekeza. Ndinapita kawiri kumene amasunga mapepala a ntchito imeneyi. Ulendo wachiwiri bambo wina anapeza dzina la Kamphepo. Anachotsa mina khumi ndi imodzi, ndipo malo onse, kuyambira pamtsinje mpaka kuseri kwa mwala waukulu, anawapima n'kuwapeza abwino. Miyala yoyera ija ndi chizindikiro chakuti pano pathedwa. Pakanakhala poopsa akanapaka yofiira. Ndaikamo pepala lawo la karimbo ndi mapa, chifukwa ndikukudziwani, ndi mawu anga okha simungawoloke mtsinje.

Amalume, musadzizunze. Munkateteza anthu ndi zimene munkadziwa.

Za Zita ndawerenga kambirimbiri. Sindikudziwa cholemba. Auzeni amayi kuti mawu awo anafika onse. Pitani nawo msanga, musandidikire, poti ine sindimasuka kusikola kuno mpaka Dezembro.

Ndine mwana wanu,
Ivone

*

Mudzi wa Kamphepo
2 Setembro 2018

Kwa: Purofesora Ivone Vicente, Tete
Mutu: Kuwoloka mtsinje wa Katsekera

Mwana wa mlongo wanga,

Ndikupatsa moni. Ife tili moyo, amayi akonso ali moyo. Ndayamba ndi chimenechi kuti uwerenge zotsalazi mtima uli pansi.

Kalata yako ya pa 16 Julyo inafika pa 24 Agosto. Inakhala masabata asanu m'kamyau ya a Silvano, imene inali chifere panjira kudikira chitsulo. Nditaiwerenga ndinatsekula mala, ndinatulutsa pepala, ndinaika chala pa malemba atatu aja. Kenako ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinakhalako nthawi.

Ndiyenera kufotokoza moona. Malembawo ndinkawaona masiku onse. Ndinkayesa kuti ndi ulemu wa Chipwitikizi, monga ife timati a Emílio, a Lúcia. Ndinati boma likulemekeza mina poti ndi chinthu choopsa. Aphunzitsi akhala akubwera ndi kupita pa sikola yathu, sindinaonetse ngakhale mmodzi, poopa kuti angalidetse.

Lamulungu titatha mapemphero ku kapela, ndinaima pakhomo n'kupempha anthu kuti asabalalike. Ndinawerenga kalata yako yonse, ndinaonetsa mapepala awiri, lakale ndi latsopano.

Oyamba kulankhula anali a Limbani, eni ng'ombe ija. Anati, "Ndiye mukuti zaka zonsezi tatsekeredwa ndi kamzere?"

Ndinati, "Inde, ndi kamzere."

A Lúcia anati, "Ana anga awiri ali ku Tete kusenza matumba chifukwa chosowa munda, a sekeretaryo. Ndiwauze kuti chiyani?"

Wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti mbuzi zinawerenga bwino kuposa a sekeretaryo." Ena anaseka, ena sanaseke.

A Limbani anatinso, "Pepala loyamba linatinamiza. Lachiwirili tilikhulupirira bwanji?"

Ndinati, "Pepala silinaname, amene analakwa ndine. Mawa ndiyamba ndine kuponda. Mukaona ndafika pamwala ndili ndi miyendo iwiri, mutsatire."

Lolemba m'mawa tinamanga ng'ombe pa ngolo, tinayala mphasa ndi bulangete, tinakweza amayi ako. Mudzi wonse unatsikira kumtsinje. Sindibisa, madzi a Katsekera ndi ozizira koma ine thukuta linali kamukamu. Ndinadutsa miyala yoyera ija, ndinalowa m'kanjira ka mbuzi. Phazi lililonse ndinkaliika ngati ndikuponda dzira. Udzu unali wondipitirira. Kumbuyo sindinkamva munthu, ngakhale khanda.

Nditatuluka m'udzumo ndinaima, ndipo ndinaiwala mina.

Ivone, ine si wodziwa kulemba, koma ndiyesa. Mapichesi asanu a atate athu aja asanduka nkhalango. Kuyambira pamene panali khola mpaka pamwala, mitengo yokhayokha, yonse ili maluwa, yofiirira ngati kumwamba dzuwa likamatuluka. Masamba palibe, maluwa okhaokha. Njuchi zinali kulira pamwamba panga ngati kamyau ili patali. Palibe amene anabzala, palibe amene anathirira, palibe amene anadulira. Ife tili tsidya lino kukangana malire a mizere itatu, uko mitengo inali kubala n'kugwetsa, kubala n'kugwetsa, popanda woona.

Kasupe akutulukabe pansi pa mwala, pamalo pomwe paja. Ndinagwada n'kumwa. Kukoma kwake n'komwe kuja. Pambali pake ndinapeza mphero ya amayi athu ili chikhalire, mwanamphero ali pamwamba, monga anaisiyira m'mawa uja. Ndinakwera pamwala n'kuyang'ana kumbuyo. Phiri la Domwe linaoneka lonse mpaka kumapazi, dambo lonse, msewu, ndi mudzi wathu wa nyumba 41. Ndi waung'ono, mwana wanga. Uli ngati anapiye aunjikana pothawa mvula. Dziko limene tinalisiya ndi lalikulu kuwirikiza kanayi. Ndinavula chipewa n'kuchikupiza m'mwamba.

Anthu anabwera mumzere, aliyense akuponda pamene waponda mnzake. Atafika m'mitengo muja palibe anakweza mawu, ankanong'ona ngati alowa m'tchalitchi. Ana obadwira tsidya lino ankangoyang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa. A Limbani anatapa dothi, analinunkhiza, ndipo sanandinenenso kanthu. Nkhalamba zinayamba kuloza: apa panali pa a uje, apa tinkapunthira nyemba, apa ndi pamene ndinabadwira.

Ngolo inafika pomalizira, poti tinkadula udzu patsogolo pake. Apa ndinaganiza za amayi ako. Iwo ankadziwa mtengo umodzi kuseri kwa nyumba imodzi. Tsopano nyumba palibe, mitengo ndi mazanamazana.

Tinawatsitsa. A Lúcia anafuna kuwagwira mkono, iwo anati, "Ndisiyeni, pano ndi pakhomo panga." Anapita kukasupe, anatembenuka, anayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtsuko. Sankayang'ana mitengo, ankayang'ana mapazi awo. Anakhota pamene palibe chokhotetsa, anaima pang'ono kupuma, anapitirira. Kenako anagogoda pansi ndi ndodo, ndipo ndodo inalira pamwala. Titachotsa masamba tinapeza mwala wafulati wa pakhomo pa nyumba yawo. Anazungulira nyumba imene kulibe, kutsata khoma limene kulibe, mpaka kuseri. Pamenepo pali chitsa chakale chokhuthala ngati chiuno cha munthu, chitaphukira nthambi zinayi, zonse zili maluwa.

Anakhala pansi. Anaika dzanja padothi n'kunena kuti, "Zita, ndine. Ndachedwa."

Anthu anabwerera m'mbuyo kuti awapatse malo. Ine ndinatsala. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira Lachisanu, ndinawalemba ngakhale papepala. Ndinagwada pambali pawo n'kuyamba kuti, "Alongo anga, pamaso pa anthu awa ndi pamaso pa mwana uyu, ine Arcanjo ndikuvomera kuti..."

Sanandiyang'ane. Anali atayamba kale kuzula udzu ndi zala. Anati, "Arcanjo, kulankhula walankhula zaka khumi ndi zinayi. Katenge khasu pangolopo, ine manja alibe mphamvu."

Ndinakatenga khasu. Ndinapalira iwo akundilozera, apa, apanso, pang'onopang'ono usamupweteke. Tinachokako dzuwa litapendeka, ndipo chichokereni tapitako tsiku lililonse.

Ndatha ine malume ako,
Arcanjo